Thumba Lolemera la Bambo a Mwandida

Zaka zimene ndakhala ndikuyenda sindinaziwerenge, ndipo mayina a malo amene ndagonako ndinawasiya komweko. Chimene ndikudziwa n'chakuti kulikonse kumene ndafika ndapezako msika umodzi womwewo, mulu wa kaunjika womwewo, ndi bambo wa chipewa chophwanyika amene amandiuza mawu omwewo: "Tanyamulani, mayi, mumve kulemera kwake." Ulendo woyamba ndinanyamula, ndipo ndinamvera. Mpaka lero mtima wanga sunaphwe.

Amuna anga, a Faisoni, ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Phiri lake ndi lija loti mwezi wa Juni udzu wa pamwamba pake umacha utayera mbuu ndi chisanu, madzi a m'chidebe atauma ngati galasi. Alendo ankagona m'kanyumba ka matabwa, aliyense m'thumba lake logonamo, moto ukuyaka. Onyamula katundu ankagona kuseri, pakhonde losungira nkhuni, atafunda masaka. Mabwana amene ankawalemba ntchito ankazidziwa bwino zimenezi, koma funso lawo linali limodzi basi, ngati katundu wa alendo wafika wosanyowa.

Chaka china a Faisoni anatopa nawo masakawo. Tsiku la msika iwo anali ndi ntchito ina, choncho anandituma ine.

"Amake Mwandida," anatero, "kumsika kwatsegulidwa belo la matumba ogonamo. Mukasankhe lopepuka, lija loti ukalifinya limangokwana m'manja, ukalisiya limafufuma lokha. Mlendo wina anandionetsa."

Ndinavomera ndi pakamwa. Koma kwathu mkazi amadziwika ndi bulangete limene wagulira mwamuna wake, ndipo bulangete saliyang'ana ndi maso, amalinyamula. Pa ukwati wanga azakhali anga analinyamula mmodzimmodzi, ndipo ataona kuti likuwakoka mikono anaimba nthungululu. Chofunda chopepuka ndi cha mkazi woumira, kapena amene mtima wake uli kwina.

Pamulu paja panali matumba awiri. Limodzi linali labuluu, loterera ngati nsalu ya ambulera, lopanikiza kumapazi, ndipo nditalinyamula ndinaona ngati sindinanyamule kanthu. Linalo linali lofiirira, lalikulu, la nsalu yochindikala, m'kati mwake atajambulamo abakha akuuluka. Bambo wa chipewa uja anandisenzetsa m'manja. Ndinamva likundikoka mikono, ndipo ndinati m'mtima, amuna anga ananamizidwa ndi mlendo, ine sindingawatumize kuphiri ndi kansalu ka ambulera anthu n'kumandiseka. Ndinalipira ndalama zambiri kuposa za labuluu lija, n'kubwerera kunyumba ndikudziona ngati mkazi weniweni.

A Faisoni analinyamula, analitembenuza, anayang'ana abakha aja kwa kanthawi. Kenaka anaseka pang'ono.

"Mwasankha ndi mtima wonse, eti," anatero.

Sanandiuze kuti ndibweze. Anaona nkhope yanga ikuwala, ndiye sanafune kundichititsa manyazi. Kuseka kumeneko ndimadana nako mpaka lero. Akanandikalipira, akanandithamangitsa kubwerera kumsika, bwenzi pano tikukalamba limodzi n'kumanyozana ngati anthu ena onse.

Tsiku lachitatu la ulendo wawo kunatsika chiperoni, nkhungu ija ya mvula yowaza ndi mphepo yozizira. Tsiku lachisanu anawatsitsa pamachira, atamwalira kale.

Mnzawo wa ntchito, a Namakhwa, anandikokera kuseri kwa nyumba maliro ali m'kati, n'kundiuza motsitsa mawu. Thumba lija linali lalikulu moti silinakwane m'pulasitiki, ndiye analimangirira pamwamba pa katundu, ndipo linamwa madzi tsiku lonse ngati chisanza chokolopera. Linalibe chophimba kumutu, kukamwa kwake kunali yasa ngati thumba la chimanga. A Faisoni ananjenjemera mpaka mano kugundana, kenaka anasiya kunjenjemera n'kuyamba kunena kuti akumva kutentha. Kutacha, m'mphepete mwa thumbalo munali mutauma gwa.

Koma pamudzi nkhani inali ina. Anthu anati a Faisoni analoza nsonga ya phiri ndi chala, ndiye mizimu inakwiya. Mabwana aja anaikonda kwambiri nkhani imeneyi, moti anatumiza thumba la ufa ndi uthenga woti zamizimu iwo sangalowererepo. Ine ndinakhala chete, chifukwa nanenso ndinaikonda. Mizimu inandisenzera mlandu wanga, ine n'kuilola.

Pogawa katundu wa malemu, abale awo anati thumba lija likhale la mwana, adzakumbukirepo bambo ake. Mwandida anali asanayambe sukulu. Abalewo analichapa, analipinda, analiika pamwamba pa kabati, ndipo m'mawa uliwonse ine ndinkadzuka n'kukumana nalo. Sindinathe. Ndinasiya mwana kwa achemwali anga a Edesi, ndinati ndikupita kukafuna ganyu, mwezi ukatha ndibwera.

Ndinafika kumudzi wina wa m'mphepete mwa dambo, kumene abakha anali ambiri kuposa anthu. Mayi wina, a Nankhoma, anandipatsa ntchito yosasiririka, yopha ndi kusosola abakha okagulitsa kutauni. Tsiku lina ndikusosola pachifuwa pa bakha, pansi pa nthenga zazikulu ndinapeza tinthenga tina topanda mtengo pakati, tofewa, toti ukapuma timauluka. Ndinatifumbata m'dzanja ndikudikira madzi awire. Posakhalitsa dzanjalo linayamba thukuta, lina lija lili zii.

"Timeneto ndiye bulangete la bakha," anatero a Nankhoma. "Bakha samva kutentha chifukwa cha kulemera kwa nthenga ayi. Amadzitenthetsa yekha, tinthengato n'tongogwira mpweya wofundawo kuti usathawe."

"Nanga tikanyowa?"

"Tikanyowa ndi matope basi. N'chifukwa chake amatibisa m'kati."

Ndinakumbukira abakha ojambula aja, akuuluka m'kati mwa thumba lopanda nthenga ngakhale imodzi. Ndinamenya beseni ndi mwendo, madzi otentha n'kukhuthukira pansi. A Nankhoma anangoti ndikatunge ena. Patsiku la msika ndinapita, ndinapeza bambo wa chipewa uja atakhala pamulu wake. "Tanyamulani, mayi, mumve kulemera kwake." Ndinamulavulira pafupi ndi phazi, ndipo sabata yomweyo ndinachoka.

Msewu unanditaya m'tauni ina ya njanji, kumene sitima inkadutsa anthu ataiwala kale kuti akuidikira. Kuseri kwa masitolo kunkaoneka phiri. Sindikudziwa ngati linali lomwe lija, koma kulikonse kumene ndinkapita linkakhala kuseri kwa chinachake. Kumeneko ndinakhala pakhonde la sitolo ndi telala wina, a Matiki, ndikupinda m'munsi mwa masiketi ndi kusokerera mabatani. Nyengo zamvula zinadutsa zingapo.

Tsiku lina mlendo wina anabweretsa thumba logonamo lothyoka zipi. A Matiki analitambasula pamakina, n'kundiitana kuti ndione mmene anzathu amasokera. Anasomphola pang'ono m'mphepete, ndipo ndinaona kuti nsalu yapamwamba ndi yapansi sizinasokedwe pamodzi. Pakati pake panali tinsalu toimirira ngati zipupa, nthenga zili m'tizipinda tawotawo.

"Mukasoka yapamwamba ndi yapansi pamodzi," anatero, "mzere uliwonse umasanduka khomo la mphepo. Taonaninso apa." Anandionetsa kamtsamiro kakatali kotsata kuseri kwa zipi, kena kozungulira pakhosi, ndi chophimba kumutu chokhala ndi chingwe, choti ukakoka pamangotsala mphuno. "Amene anasoka ili anagonapo pozizira. Amene amasoka akuluakulu aja amasokera anthu ogona pakapinga kuseri kwa nyumba yawo."

Thumba la a Faisoni linali ndi mizere yosokedwa mopyoza kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinkaikumbukira yonse, chifukwa ndinaisisita ndi dzanja pamsika paja n'kumayamikira kuti yasokedwa molimba. Tsiku limenelo ndinathyola singano zitatu. A Matiki anaganiza kuti ndikusowa mwamuna, ndipo anayamba kubwera kuntchito atadzola mafuta onunkhira ngati sopo wa m'chipatala. Atandifunsira, ndinawayankha kuti mwamuna mmodzi ndinamugulira kale chofunda, kwakwana. Sanamve chimene ndinkatanthauza, ndipo ine sindinafotokoze.

Kumsika wa tauni imeneyo chipewa chinali chomwecho, mawu anali omwewo. Ulendo uno sindinalavule. Ndinagwada pamulu n'kuyamba kufufuza ndi manja anga.

Mumzinda waukulu ndinapeza ntchito yokolopa pamalo ogulitsira nyama. Kuseri kunali chipinda chozizira, cha chitseko chochindikala, mmene miyendo ya ng'ombe inkalendewera itauma ngati mitengo. Pakhoma panali kachipangizo koonetsa nambala ya kuzizira, ndipo nambalayo inkakhala ndi kamzere kutsogolo kwake. Kapitawo wa pamenepo, a Kapito, anandiuza kuti kamzereko kamatanthauza kuti kwazizira kupitirira pamene madzi amaumira. Ndinazindikira kuti nambala zonga zimenezo ndinaziona pa kansalu kolembedwa kamene kamakhala kumapazi kwa matumba aja.

Ndinayamba kugula matumba pakaunjika, limodzilimodzi. Masana anzanga akapita kukadya, ine ndinkalowa m'chipinda chija, ndinkayala thumba pansi pa nyama, n'kulowamo. Mmenemo ndi mmene ndinaphunzira zimene palibe munthu akanandiuza. Pa kansalu kaja pamakhala nambala zitatu, ndipo wogulitsa amakulozera yotsiriza chifukwa ndi imene imaoneka yoopsa. Koma yotsirizayo sikutanthauza kuti ugona. Imatanthauza kuti mwina kucha usanafe, zala zokha ndiye Mulungu adziwa. Nambala yoti munthu wamkazi agone tulo ndi yoyamba, ndipo ngakhale imeneyo uziikayikira ngati thumbalo lakhala nthawi yaitali litafinyidwa m'belo. Ndinaphunziranso kuti pansi pamaba kutentha kuposa mphepo, moti popanda makatoni kunsana ngakhale thumba labwino limakusiya wekha.

Lina lolemera, lofanana ndi lija, ndinaligula dala. Ndinagonamo kwa nthawi yosakwana yophikira ndiwo zamasamba. Kuzizira kunalowa m'mizere yonse nthawi imodzi, kunalowa pakhosi, kunatsikira kumsana. Ndinayesa kupirira, ndinati a Faisoni anapirira mpaka kucha, m'lonyowa. Ndinalephera. Ndinatuluka ndikukwawa, ndipo ndinalira mokwiya, ndikumenya mwendo wa ng'ombe ndi zibakera mpaka manja kutupa.

Mwini malowo anandipeza tsiku lina nditangotulutsa mphuno m'thumba lina labuluu, lopepuka ngati lija ndinalisiya pamsika, nditagona tulo tofa nato pakati pa nyama yake. Anakuwa ngati waona mtembo, kenaka anandichotsa ntchito. Sindinadandaule, chifukwa chimene ndinkafuna ndinali nditachipeza. Thumba limenelo sindinaligulitse. Kulikonse kumene ndinkachita lendi ndinkalipachika pamsomali litatambasuka kuti lisaphwe, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikusungira ndani.

Kenaka ndinakhala wa kaunjika inenso, m'tauni ina ya fumbi, moyandikana ndi bambo wa chipewa. Malonda anga sankayenda. Munthu akanyamula lolemera ndinkamulanda, akafunsa chifukwa ndinkamukalipira. Mayi wina wachitsikana anagula kwa mnzangayo thumba lalikulu la maluwa, anati mwamuna wake ndi mlonda wa nsanja ya mafoni pamwamba pa phiri. Ndinamuthamangira mpaka kokwerera basi ndikumugwira chitenje. Anthu anandizinga, ena akuseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo pamsika pankadziwika kuti mayi wa matumba uja mutu wake suyenda bwino.

Ndi pamsika pomwepo pamene a Namakhwa anandipeza. Tsitsi lawo linali litayera, msana utapindika ndi katundu wa anthu ena.

"Amake Mwandida, ndinudi? Kumudzi ena amati munamwalira."

"Ndilipo. Mwana ali bwanji?"

"Mwana uti? Ndi mayi wamkulu tsopano. Waphunzira zolondolera alendo m'phiri, chizungu chili pakamwa. Sabata yamawa akukwera ulendo wake woyamba wautali, mpaka kunsonga, masiku asanu." Anatsitsa mawu. "Akuti akagona m'thumba la bambo ake. Ndayesa kumuletsa, akuti chimene chinapha bambo ake ndi mizimu, ndiye iye saloza chilichonse ndi chala. Ine sindingamuuze zija. Si zanga."

Unali mwezi wa Juni. Ndinasiya mulu wonse pomwepo, ndinakachotsa thumba labuluu pamsomali, n'kukwera basi. Msewu umene unanditengera zaka zonsezo unangotenga tsiku limodzi ndi theka.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Thumba lofiirira lija linali pachingwe, litatembenuzidwa, abakha ake atafufuluka koma akuulukabe. A Edesi anandiona ndili kumpanda, anagwira pakamwa, n'kulowa m'nyumba. Amene anatuluka anali mkazi wamtali, wa mapewa a bambo ake. Anandiyalira mkeka monga amachitira ndi mlendo aliyense, anandipatsa moni wa mlendo.

"Amayi akuti ndinu achemwali awo," anatero Mwandida. Amayi amene ankanena anali a Edesi.

"Ndine mayi ako."

"Ndamva. Mwezi uja watha tsopano?"

Ndinatulutsa thumba labuluu n'kuliika pamkeka. Linayamba kufufuma lokha pakati pathu.

"Ndakubweretsera ili. Ukagone m'menemu, osati m'limenelo."

Analinyamula ndi zala ziwiri, n'kuseka kuseka kwa bambo ake. "Zaka zonsezi, mwandibweretsera kansalu ka ambulera? Ine ndili nalo langa. Bambo anga anandisiyira chinthu chimodzi chokha, ndipo chimenecho sichinandithawe."

Ndinayamba kumuuza za tinthenga ta pachifuwa pa bakha, za tizipupa ta m'kati, za nambala yoyamba ndi yotsiriza. Ndinkalankhula mothamanga ngati ndili pamsika. Iye ankangoyang'ana kumbali.

"Zimenezo alendo amanena, ndimazimva," anatero. "Koma bambo anga phiri ankalidziwa kuposa alendo. Ngati iwo anasankha limeneli, ndiye kuti ndi labwino. Inu mukudziwapo chiyani za phiri?"

Pamenepo ndinaona kuti nzeru zanga zonse sizingamusunthe, chifukwa sankateteza thumba, ankateteza bambo ake. Ndinadzuka, ndinatenga lumo limene ndinachoka nalo kwa a Matiki, ndinapita pachingwe n'kulicheka thumba lija kuyambira pakamwa mpaka pakati. Mwandida anakuwa, a Edesi anatuluka akuthamanga. M'katimo munatuluka zithonje zotuwa, zoumbika mibulumibulu, ndipo pakati pa mibuluyo panalibe chilichonse, nsalu yokhayokha.

"Pisa dzanja," ndinatero. "Ona chimene bambo ako anafunda. Sanasankhe iwo. Anandituma ine, anandiuza bwinobwino kuti ndikagule lopepuka, ndipo linalipo, ndinaligwira ndi manja angawa. Ndinalisiya dala, ndinatenga ili kuti anthu aziti ndine mkazi wodziwa kusamala mwamuna. Linanyowa, linauma ndi chisanu, iwo ali momwemo. Kafunse a Namakhwa."

Mwandida anapisa dzanja. Zala zake zinatulukira mbali ina zikuoneka kupyola nsalu.

"Ndiye mizimu ija?"

"Kunalibe mizimu. Kunali mabwana amene ankagoneka anthu pakhonde, kunali bambo ako amene anaseka m'malo mokana. Koma amene anasankha ndine."

"Ine ndakula ndikuopa kutukula chala changa," anatero motsitsa. "Kusukulu ana ankanditcha mwana wa wolodzedwa ndi phiri. Inu mukudziwa, muli chete, muli kutali." Anatulutsa dzanja m'thumbamo. "Munandithawa ine, kapena munathawa ichi?"

"Ndinathawa ichi. Iwe ndinakusiya nacho."

Analowa m'nyumba, ndipo masiku awiri otsatira sanandilankhule, ngakhale chakudya amene ankandipatsa anali a Edesi. Thumba labuluu linakhala pakhonde pomwe analisiya, nkhuku zikulizungulira. Ine ndinkaliyang'ana n'kumaganiza kuti ndamulanda bambo ake kachiwiri popanda phindu, ndipo akwerabe phiri atafunda masaka pofuna kundionetsa.

M'mawa wa ulendo anatuluka atavala nsapato zake zazikulu. Anaima pakhonde, anawerama, anatembenuza kansalu ka kumapazi n'kuwerenga nambala zija. Kenaka analifinyira thumbalo m'pulasitiki, anamanga, anaikanso m'pulasitiki ina, n'kulilowetsa pansi penipeni pa chikwama.

"Pansi uziyala kanthu," ndinatero. "Pansi pamaba."

"Ndikudziwa."

Anabwerera m'nyumba, anatuluka atanyamula lofiirira lija, n'kundiponyera pamiyendo. Linali lolemera monga kale.

"Ili ndi la bambo anga," anatero. "Mwaling'amba ndinu, mulisoke ndinu. Pobwera ndidzalipeze lili bwino. Ndipo ndidzakupezeni inuyo muli pompano, osati uthenga woti mwapita kukafuna ganyu."

Anatembenuka n'kumapita, osacheuka.

Lero ndi tsiku lachitatu. Chiperoni chatsika kuyambira m'mawa, phiri silikuoneka. Ndakhala pakhonde la a Edesi ndi singano, abakha aja ali pamiyendo panga, ndipo mkwiyo wanga ulipobe, sunapite kulikonse. Kusokaku ndamaliza kawiri, kawiri konse ndasomphola n'kuyambiranso, chifukwa manja akakhala chabe amafuna kumanga katundu. Basi ya kutauni yaimba hutala pamsewu, yadikira pang'ono, yapita. Ine ndalowetsanso ulusi pasingano.